Ndasintha Dzina pa Pepala la Seguru

Chingodzi, Tete

Okondedwa achemwali a Janet,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana onse ku Ulongwe. Mwendo uja wasiya kutupa? Kuno tili bwino, kungoti dzuwa latikwiyira. Mayi a Nércia ali gwa, ndipo Nércia wayamba kalasi yachitatu.

Ndalemba kalata chifukwa pafoni ndikanachita chibwibwi.

Mukukumbukira kuti nditayamba uphunzitsi ndinalowa seguru ya moyo. Imayenda chonchi: amakudula pang'ono pamalipiro mwezi uliwonse, ndipo ukamwalira amapereka ndalama kwa yekhayo amene dzina lake lili papepala. Safunsa za mbumba kapena za mkazi. Nthawi imeneyo ndinali mbeta, choncho ndinalemba mwana wanu Austin, poti kwathu malume ndiye mwini mbumba. Ndinakuuzani pa maliro a amayi, ndipo munalira pondithokoza.

Mwezi watha mphunzitsi mnzanga anamwalira. Mkazi wake atapita kwa a seguru anapeza kuti papepala pali mchimwene wa malemu, nabwerera chimanjamanja ndi ana atatu.

Ndinayamba kuganiza za Nércia. Kwa amayi ake, kwa Anyungwe, mwana ndi wa kuchimuna. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi. Ine nditamwalira, mbali iliyonse ikanaloza inzake, mwana ali pakati. Ndinakatenga pepala latsopano, koma linakhala m'chikwama masabata awiri, ndikuopa inu.

Loweruka Austin anaima pano ndi lole yake pochokera ku Beira. Ndinamufotokozera mozungulira ngati ndili m'kalasi, kuyambira pa mwambo wa makolo. Anaseka mpaka kutsamwa madzi. Anati sanaonepo malume wonjenjemera pamaso pa muphwa wake wandevu. Anandifunsa ngati ndikufuna kuti azidzadya ndalama ya maliro anga msuweni wake atasiya sukulu, nawonjezera kuti ndi misewu amayendayi mwina ndine ndidzamuike iye. Apo ndinamukalipira.

Lolemba anandiperekeza yekha ku ofesi ya seguru, naima kumbuyo kwanga mpaka ndinalemba dzina la Nércia, ndi la amayi ake ngati omusungira. Potuluka ndinamva thupi kupepuka ngati ndatula thumba la makala.

Austin anafuna kukuuzani yekha, koma ndinakana. Lonjezo lija ndinapereka ndine, ndiye ndine woyenera kulibweza. Achemwali, mbumba sindinaitaye. Ana anu akadwala kapena akapeza mlandu, woyamba kufika ndidzakhala ine. Koma iwo ali ndi malume ndi mbumba yonse, pamene Nércia ali ndi ine ndekha. Ngati mwakhumudwa, mukalipire ine, osati mlamu wanu, pakuti iye sanandipemphe kanthu.

Pa Natali, Khirisimasi ikubwerayi, ndibwera naye mwanayu. Muyambe mwamunyamula, kenako mundiweruze.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa mwana wanu Tadala ndi onse pakhomo. Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Fletcher