Kabokosi ka pansi pa fomu

Lolemba, 3 Malichi
Sabata yachisanu ndi chimodzi chindichotsereni ntchito. Bambo anga sakudziwabe. Seveni koloko ndatuluka ngati kale, chikwama paphewa, nsapato zopolisha. Iwo pakhonde, wailesi pamwendo, mapilitsi a mtima pambali. Dokotala anati asamadzidzimutsidwe, ndiye ndangotseka pakamwa.

Tsiku lonse pabenchi kuseri kwa laibulale, pomwe pamafika intaneti yaulere. Tilipo asanu ndi awiri, tonse titatchena ngati tikupita ku ofesi. Mafomu anayi ofunsira ntchito lero. Pansi pa iliyonse kabokosi kaja: "Ndawerenga ndipo ndikuvomereza." Kudina basi. Ngakhale mzere umodzi sindinawerenge.

Lachitatu, 5 Malichi
Kwabwera mtsikana watsopano, wangomaliza kumene sukulu. Anayamba kuwerenga malamulo a fomu, masamba khumi ndi anayi. Amayi a ambulera, amene atha chaka ndi theka pabenchipa, anamuseka: "Werenga, mwana iwe, pomaliza upeza ntchito atenga anzako." A Dalaivala, anzathu ena a pabenchipa, akuti, "Atenge zonse, dzina, nambala, chithunzi. Ine wakuba atalowa kwanga angandisiyire kenakake chifukwa cha chisoni." Tinaseka pang'ono. Ukakana, fomu siyenda. Nanga amafunsiranji?

Bambo anali kalaliki wa kukhoti zaka makumi atatu. Ngakhale lisiti ya kugolosale amaiwerenga kaye asanaipinde. Akanaona mmene chala changa chimathamangira!

Loweruka, 8 Malichi
Yankho palibe. Ndachapa, ndasita. Mumtima muli zii.

Lachiwiri, 11 Malichi
Pulogalamu yatsopano ya pafoni ya ofuna ntchito, atiuza ndi a Dalaivala. Yapempha kuona manambala a m'foni mwanga. Ndalola. Zithunzi. Ndalola. Komwe ndili. Ndalolanso. Ndili pabenchi, abwere adzaone.

Lachinayi, 13 Malichi
Mauthenga kuyambira m'mawa. Azakhali: "Pepa mwanangu, sitimadziwa." Kenako alamu. Mnzanga wa kwaya. Mpaka wosoka nsapato. Pulogalamu ija yatumizira aliyense wa m'foni mwanga chithunzi changa, ndi mawu akuti ndili pa ulova, andithandize kupeza ntchito. Nambala ya Bambo ndi yoyamba pamndandanda.

Ndakhala pabenchi mpaka laibulale kutseka. Sindinalire. Ndimangoyang'ana nyerere zikukoka kanyenyeswa ka buledi. Kunyumba ndapeza Bambo ali pakhonde. Adya, amwa mapilitsi.

Lachisanu, 14 Malichi
M'mawa ndikupolisha nsapato, iwo: "Zisiye, mama. Bweretsa foniyo." Avala magalasi, atenga kope lawo lakale, awerenga malamulo onse a pulogalamu ija mpaka masana, uku akulemba. Pomaliza: "Ndime 9. Zinalembedwa. Sanakubere, unawapatsa wekha." Za bodza langa la masabata onsewa, osatchula n'komwe. Bola akanandikalipira. Manyazi andigwira mpaka chakudya chandikanika. Alamula kuti fomu iliyonse tiziwerenga limodzi.

Lolemba, 17 Malichi
Kubenchi sindinapite, ndagula kabandulo ka intaneti. Folo koloko amayi a ambulera anditumizira uthenga: kampani ina ikufuna wolandira alendo, ntchito yeniyeni yomwe ndinkagwira. Kutseka faifi koloko lero lomwe. Ndalemba zonse msangamsanga. Kwatsala kabokosi. Malamulo ake masamba makumi awiri.

Bambo magalasi pamphuno, chala pamzere, kuwerenga mokweza ngati ali kukhoti. Ine manja pamwendo. Kota tu faifi, akadali patsamba lachitatu. "Akuti mbiri yako angathe kuipereka kwa ena, ndipo sakutchula kuti ndani." Anayang'ana wotchi yapakhoma. Anayang'ana nsapato zanga pakhomo, zopolisha chipolishireni Lachisanu. Kenako anavula magalasi, n'kutseka kope, n'kundibwezera foni.

"Dina, mama."

Ndinadina. Iwo anayang'ana kumbali.