Amisiri a Kuseri kwa Firiji

Lolemba, 7 Okutobala

Kutentha koopsa. Firiji yayambanso kulira ngati ili ndi chifuwa. Nyama ya dzulo yanunkha, ndataya. Ndawauza bambo a Eliza kuti tingofuna ina, ngakhale yakale. Angoseka. Akuti, "Iyi siinafe, yangotopa."

Chithereni ntchito yawo ya ukalaliki ku esiteti ya ku Mkanda, m'nyumba muno mulibe chotayidwa. Chingwe cha simbi, tepi yokhayokha. Ketulo, chogwirira anachita kusema cha mtengo. Chitseko cha firiji timamanga ndi mphira ya chubu cha njinga. Malipiro anga a uphunzitsi sangagule zatsopano, ndikudziwa. Komabe zimandiwawa.

Lachinayi, 10 Okutobala

Ahedi athu atsopano, Mayi Jailosi, akuti adzandiyendera Loweruka. Achokera ku Lilongwe. Galimoto yawoyawo, mafuta onunkhira mpaka m'kalasi. Ketulo ndabisa kuchipinda. Makapu ndabwereka kwa aneba. Ndawapempha bambo a Eliza kuti za firijizi zithe mawa. Akuti akudikira kachitsulo kena, munthu akubwera nako kuchokera ku Chipata.

Loweruka, 12 Okutobala

Sindikudziwa poyambira.

Kachitsulo kaja kafika lero m'mawa. Ahedi akulowa, apeza firiji ili pakati pa balaza, bambo a Eliza atagona chagada kuseri kwake. Ovolosi yong'ambika pabondo, fumbi kumutu. Timisomali tawo pa mbale yanga ya alendo.

Ahedi anawapatsa moni ali chiimire. Kenako kwa ine: "Madamu, amisiri anuwa amakonza bwino? Yanganso yavuta chisamukireni."

Ine ndinati, "Eya, amayesetsa."

Basi. Mpata unalipo wonena kuti ndi amuna anga. Sindinanene. Kuseri kuja sipanala inasiya kulira, kenako inayambanso.

Tikumwa tiyi pakhonde, ahedi anafunsa za abambo a pakhomo pano. Ndinati atuluka.

Mulungu wanga. Windo lili chotsegula. Ndinati atuluka.

Lamulungu, 13 Okutobala

Firiji ikuzizira bwinobwino. Madzi mpaka kuchita ayisi. Sindinamweko.

Bambo a Eliza za dzulo sanazitchule. Bola akanandikalipira, akanaswa mbale. Ayi. Kutchalitchi tapitira limodzi, iwo patsogolo, ine m'mbuyo. Masana adya, asamba m'manja, akuti, "Zikomo madamu." Chikwatiraneni sananditchulepo madamu.

Ulaliki sindinaumve n'komwe.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Tsiku la Anakubala, kulibe sukulu. Eliza waimba kuchokera kusukulu ku Ludzi pa foni ya aphunzitsi ake. Akuti mayi ngati ine kulibe. Ndinangoti zikomo mwananga.

Ndadzuka n'kupeza suti yanga ya chitenje yositasita, yokolekedwa pachitseko. Ndi simbi ya tepi yomweyo. Bambo a Eliza amatero chaka chilichonse, ndimaganiza kuti chaka chino asiya.

Ndakumbukira ndili ku koleji. Ankabwera pa njinga yamoto ya esiteti, ine nditavala nsapato yosokedwa ndi waya. Kwa anzawo onse ankati, "Awa ndi aphunzitsi a mawa." Sanandibisepo.

Ndayesa kuyankhula. Ndinangoti, "Za Loweruka zija." Iwo maso ali pa wailesi yomwe amamasula: "Tandipatsirani tepi ili pawindopo." Ndawapatsa. Ndatuluka.

Lachinayi, 17 Okutobala

Mu sitafu rumu, pamaso pa onse. Ahedi akuti amisiri anga aja adzabwere kwawo Loweruka, ndiwo zikungowonongeka. A Vitus, aphunzitsi anzanga omwe amatidziwa chibwerereni pa boma pano, anafunsa kuti amisiri ake ati. Ahedi anafotokoza: aatali, a imvi m'mbali, aulemu kwambiri. A Vitus anandiyang'ana. Kenako anangopitiriza kuchonga. Nkhope yanga moto.

Kunyumba ndawauza bambo a Eliza, ndikuyembekeza kuti akana. Akuti, "Ndipita, ntchito ndi ntchito. Koma mundiuziretu dzina langa ndi ndani, kuti tisakasiyane mawu."

Ndinalowa kubafa. Ndinatsegula mpopi kuti asamve.

Lachisanu, 18 Okutobala

Sitandade 6 ndawaphunzitsa za kunena zoona. Zili pa silabasi, sindinasankhe. Choko chinathyoka m'manja.

Ndikhoza kunena kuti amisiri adwala. Bodza lina pamwamba pa linzake. Mpaka liti?

Loweruka, 19 Okutobala

Bambo a Eliza akumanga chikwama cha zida pa njinga, ndinachilanda. Ndinati ndipita nawo. Anandiyang'ana, osandiletsa. Chikwamacho n'cholemera. Zaka zonsezi sindinachinyamulepo.

Pageti ahedi akuseka: "Mpaka kuwaperekeza nokha, madamu?"

Ndinati, "Awa ndi amuna anga, a Kefasi Goliati, bambo a Eliza. Tsiku lija ndinakunamizani." Mawu anatuluka ang'onoang'ono ngati a mwana wa Sitandade 1, mpaka ndinachita kubwereza.

Ahedi anagwira pakamwa. Kenako anawerama, n'kuwapatsa moni wa manja awiri, n'kupepesa. Kupepesa iwo, wolakwa ndili ine. Bambo a Eliza anangoti, "Palibe kanthu mayi. Firiji ili kuti?"

Yakanika. Akuti yatha gasi, iwo alibe zida zake. Anawalozera kwa wina wa kumsika. Ahedi anatipatsa sobo, ine kumwa maso ali pansi. Lolemba sukulu yonse idzakhala itamva. Ndidzalowa bwanji mu sitafu rumu, kaya.

Pobwerera anali patsogolo, akukankha njinga, ine m'mbuyo ndi chikwama. Titadutsa chigayo anaima. Anandilanda chikwama n'kuchikoleka pa handulo. "Kwerani, dzuwa lakula."

Ndinakhala pa kaliyala. Tinayenda kamtunda ndithu. Kenako, osacheuka: "Zinandipweteka, mayi a Eliza."

Ndinati ndikudziwa. Ndinati pepani. Sananene kuti zatha. Ine ndinagwira malaya awo kumsana, onyowa ndi thukuta, ndikulira pa msewu anthu akuona.

Panopa ali pakhonde, amasula hotipuleti ya aneba. Akundiitana. Akuti manja awiri sakukwana, ndikawagwirire waya.