Dzina la Abambo pa Pepala la Amoyo

Joondalup, Perth
24 Novembala 2024

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani mukupezako bwino, ndi kuti chifuwa chija chinasiya. Kuno tonse tilipo. Kwayamba kutentha, ndipo jakaranda wa mumsewu mwathu wachita maluwa tsopano, pamene wakwathu anayoyola kale. Mdzukulu wanu Angel akudikira kutsekera sukulu. Mkamwini wanu a Lamson akuwotchererabe zitsulo ku Welshpool kuja.

Kalatayi ndapatsira a Dunstan, amene akubwera kumudzi sabata yamawa. Mudabwa kuti ndalemba papepala chonsecho timayankhulana Lamlungu lililonse. Chifukwa chake n'chakuti foni amakugwirirani ndi mlongo wanga Kenani, ndipo pakhonde sipasowa anthu. Izi ndikupempha kuti muwerenge nokha, kuchipinda, mutatseka chitseko.

Amayi, tsiku limene abambo anatisiya sindinali ku mgodi.

Mukukumbukira mu Ogasiti muja, abambo atandiuza kuti miyendo yatupa ndipo akugona chokhala, atatsamira mapilo atatu. Ine ndine namwino. Zaka khumi ndi ziwiri ndakhala ndikuona miyendo yotero, ndipo ndinadziwa chimene mtima wawo unkanena. Anandifunsa kuti tchuthi changa chili liti. Tchuthicho ndinali nditapatsidwa kale, masabata atatu a mu Okutobala. Koma ndinawauza kuti akuntchito andikaniza, ndi kuti akunditumiza kukagwira pa kachipatala ka ku mgodi, kumpoto kwa dziko lino, kumene kulibe netiweki. Anangoti, "Ntchito ndi ntchito, Titho. Tidzaonana pa Khirisimasi."

Kumene ndinapita ndi ku Nepal, kukakwera mapiri.

Mwina mukulikumbukira buku lija lazithunzi limene mlendo wina anasiya m'nyumba ya alendo ku Chambe, nthawi imene abambo ankalondera kumeneko. Ankalikulunga m'pulasitiki n'kulisomeka kudenga kuopa makoswe. Tikatsekera sukulu ndinkakwera nawo phiri kuchokera ku Likhubula, ndipo ndinkawawerengera Chingerezi chake, iwo akuloza ndi chala mapiri oyera kumutu. Ankati amenewo ndiye agogo ake a Sapitwa. Tsiku lina anandiuza kuti ndikadzakula ndikawaone, ndidzawauze ngati zithunzizo sizinama. Ndawerenga mabuku ambiri chichokereni nthawi imeneyo, koma palibe limene linandikhala mumtima ngati limenelo. Zaka ziwiri ndakhala ndikukonzekera, kukwera masitepe a ku Kings Park ndikaweruka, nditabereka chikwama chodzaza mabotolo a madzi. Abambo atadwala, ulendo unali utakonzeka kale, ndipo ndinadziuza kuti mtima wawo ufika Disembala. Ndikadakhala kuti ndikuuza mwana wa wodwala wina, sindikadamuuza zimenezo.

Chimene chikundisautsa n'chakuti ndikadawauza zoona, mwina akadakondwa. Sindinaope iwo. Ndinaopa amalume, ndinaopa amayi a Mvano, ndinaopa kuti anthu adzati mwana woyamba wa a Likoswe wapita kukasewera kumapiri bambo wake akutupa miyendo. Ndinasankha kuoneka mwana wabwino.

Ndinapita ndekha, n'kukalowa m'gulu la anthu asanu ndi mmodzi amene sindinkawadziwa. Wotitsogolera anali a Pasang. Tinkayenda kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, kudutsa midzi ya nyumba zamiyala, kumene amayi ankakumba mbatata timinda tating'ono ngati tapakhomo panu. Tinkawoloka milatho yazingwe yogwedezeka, mtsinje ukulira pansi patali, n'kumapatukira ng'ombe zaubweya zovala mabelu. M'njira muli milu ya miyala yolembedwa mapemphero, ndipo lamulo lake n'lakuti uidutse ili kudzanja lako lamanja. Tikamakwera, mpweya unkachepa, moti kumanga chingwe cha nsapato kunkandipumitsa wefuwefu.

Chikwama changa sindinkanyamula ndine. Ankanyamula a Dawa, bambo waimvi, atachikoleka ndi lamba pamphumi. Ankayenda timapazi tating'ono, osayankhula, osayang'ana pamwamba, monga ankayendera abambo masiku amene ankanyamulira azungu katundu asanapeze ya ulonda. Masiku awiri oyamba ndinkayenda pambuyo pawo. Kenako ndinayamba kuyenda patsogolo kuti ndisawaone.

Tsopano ndinene chimene chandivuta kwambiri. Netiweki inalipo, Amayi. Pafupifupi nyumba iliyonse imene tinkagona inali nayo, ndipo anzanga ankatumiza zithunzi kwawo tsiku ndi tsiku. Ine foni ndinaizimitsa ndikutsika ndege ku Kathmandu, n'kuiika pansi penipeni pa chikwama. Ndinkadziwa kuti ikangoyaka, Kenani aimba ya vidiyo monga amachitira, ndipo muona chipewa chaubweya ndi phiri loyera kumbuyo kwanga. A Lamson ndinangowasiyira nambala ya ofesi ya kampani yotiyendetsa. Sindinadziwe kuti sabata imeneyo kunali chikondwerero chachikulu cha dzikolo, ndipo maofesi anali otseka. Choncho si phiri limene linanditsekera uthenga wanu. Ndinadzitsekera ndekha.

Lolemba, pa 14, tinafika pa nyumba ya amonke achibuda, yomangidwa pamphepete pa phompho. Tinavula nsapato pakhomo. M'katimo munali mdima ndi fungo la batala, chifukwa nyali zawo amayatsira batala, tinyali tambirimbiri tondandalikidwa pathabwa. Amonke anakhala m'mizere iwiri atafunda nsalu zofiira, akuwerenga motsitsa mawu, wina akumenya ng'oma mwa apo ndi apo. A Pasang anati amene ali ndi m'bale wofuna kumupempherera angathe kupereka dzina. Ine, mwana wa mkulu wa mpingo, ndinadzuka. Sindikudziwa ngati ndinalakwa pamenepo. Ndinangofuna kuti wina, kwinakwake, atchule dzina la abambo, popeza ine ndinali nditawathawa.

Mmonke wokalamba anali ndi mapepala awiri pabondo. Anafunsa kanthu, a Pasang n'kumasulira.

"Akufunsa ngati ali moyo kapena anapita. Mapemphero ake ndi osiyana."

"Ali moyo," ndinatero.

Ndinayankha mokweza, Amayi, mpaka mnzanga wina anacheuka. Ndinatchula dzina pang'onopang'ono, Goodwill Likoswe, iye akulemba m'zilembo zawo papepala la amoyo. Kenako anatenga ulusi wofiira, anamanga mfundo, anauzirapo mpweya, n'kundipatsa kuti ndikawaveke abambo m'khosi kuti akhale ndi masiku ambiri. Ndinatuluka mtima utapepuka, ngati munthu amene wachita mbali yake.

Ndawerengera masikuwo kambirimbiri. Pamene ndinkati ali moyo, abambo anali atagona m'nyumba yachisoni ku boma tsiku lachitatu, ndipo inu munali mukukana kuti bokosi lichoke mpaka mwana woyamba amveke.

Uthenga unandipeza Lachitatu masana, tili pamwamba penipeni pa ulendo wathu. Ndinaona a Pasang akubwera, foni ili m'manja, atavula chipewa pamalo pamene munthu savula chipewa. Sindikumbukira zimene ananena. Ndikukumbukira kuti a Dawa anatula katundu, anakhala pamwala pambali panga, anandithirira tiyi m'chivindikiro cha fulasiki yawo, ine n'kumwa. Kenako anatsegula chikwama, n'kundilola kupisa dzanja mpaka pansi. Foni itayaka, mauthenga analowa osaleka. Ndinamvera a Kenani onse. Womaliza unali wanu, mukuti, "Titho, takudikira, koma azibambo akuti sitingapitirire. Usadandaule, mwana wanga, tikudziwa kuti si kufuna kwako."

Tinatsika masiku atatu. Nditafika kuno ndinakuimbirani, ndipo munandiuza kuti Kenani anaponya dothi kawiri m'manda, lake ndi langa. Munandiuzanso kuti Lachisanu lija kuchipatala, abambo asanatisiye, Kenani atafuna kufufuza nambala ya mabwana a ku mgodi, abambo anamuletsa, nati musamuvutitse mwanayo, akusamala odwala anzanga. Munandiuza zimenezi kuti munditonthoze. Ndinali ndi mpata wonena zoona pamenepo, koma ndinangolira, inu n'kumandipepesa.

Bodzali silinathere kwa inu nokha. Mukudziwa kuti kuno Amalawi timasonkhana pakhomo pa woferedwa monga kwathu. Anabwera madzulo atatu otsatizana, ena atavala yunifolomu akuchokera ku shifiti, ena kuchokera kutali ndi sitima. Anaimba nyimbo za maliro m'balaza mwathu, mwini maliro kulibe. Abusa atafunsa, a Lamson anabwereza za ku mgodi, chifukwa ndi zimene ndinawapempha ndisananyamuke, iwo akukana. Chichokereni tsikulo sanaimenso m'kwaya. Sanandidzudzule, koma Lamlungu amakhala kumbuyo, ndipo ndikudziwa kuti ndi ine ndinawakhazika kumeneko.

Loweruka lotsatira amayi anabweranso kudzandipepesa ine mwini. Tinakhala pansi, titavala zitenje, titatambasula miyendo. Sindinaganize za mapazi anga. Zikhadabo zinali zitada chifukwa cha kutsika phiri, ziwiri zitazuka, ndipo mphuno yanga inkasupuka. Mayi Getrude Msaiwale, amene amatsogolera amayi kuno, anandiyang'ana kumapazi nthawi yonse ya pemphero. Anthu atayamba kubalalika ananditsatira kukhitchini, natenga nsalu yopukutira makapu.

"Mayi a Angel," anatero, "ku mgodi kumeneko anamwino amayenda mitunda ingati?"

Ndinapitiriza kutsuka makapu.

"Amuna anga ali komweko chaka chachisanu chino. Amandiimbira kawiri patsiku, mpaka ndimachita kuwauza kuti ndili ndi zochita."

Ndinawauza zonse, manja ali m'madzi. Sanandikalipire. Anapukuta makapu mpaka anatha, ndipo anati iwo sadzauza munthu, koma nkhani za kuno sizichedwa kufika kumudzi. Anati, "Ife tidzaiwala. Koma amayi anu akudzuka pakati pa anzawo n'kumakuikirani kumbuyo. Amve kwa inu, asamve kwa wina."

Papita mwezi chinenereni mawu amenewo. Kalatayi ndaiyamba kanayi.

Sindikupempha kuti munene kuti palibe kanthu, chifukwa kanthu kalipo. Munasunga mwamuna wanu m'nyumba yachisoni masiku atatu chifukwa cha ine, munakangana ndi alamu anu chifukwa cha ine, ndipo abambo anagwiritsa ntchito mpweya wawo wotsala kuteteza bodza langa. Chimene ndikupempha ndi ichi. Ndapatsidwa tchuthi, chenicheni tsopano, ndipo ndifika pa 20 Disembala. Ndikufuna kuti mundilole kulowa pakhomo panu, ndi kuti mudzanditengere kumanda inuyo. Kenani ndi amalume ndidzawauza ndekha, pamaso, musadzavutike kundinenera. Ngati simunakonzeke kundiona, muwauze a Dunstan mawu amodzi okha, ndipo ndidzafikira kwa azakhali ku Chitakale mpaka mutandiitana. Ndidzadikira monga munandidikirira.

Ulusi wofiira uja ndikadali nawo. Sindinauike mu envelopu muno, chifukwa sindikudziwa ngati mungafune kuti ulowe m'nyumba mwanu. Kuutaya kwandikanika. Uli m'Baibulo langa, ndipo sindikudziwanso ngati kumeneko n'kulakwa. Mudzandiuza chochita nawo.

Pali china chimene ndikuchita nacho manyazi kuposa zonse. Mapiri aja ndi okongola, Amayi. Zithunzi sizinaname. M'mawa wa tsiku limene abambo ankaikidwa, ndinaima panja dzuwa likugwira nsonga zawo imodzi imodzi, ndipo ndinali wokondwa monga sindinakondwepo chiyambire. Ndayesa kudana nalo tsiku limenelo koma sizikutheka. Ngati buku lija likadali m'thiranki ya abambo, chonde musalipereke kwa munthu.

Angel akupereka moni kwa inu agogo ake, ndipo akufunsa ngati nkhuku yake yamawangamawanga ikadalipo. A Lamson akupereka moni ndi ulemu wonse. Iwo musawaimbe mlandu. Mupereke moni kwa Kenani ndi mlamu, kwa azakhali, kwa amalume, ndi kwa amayi onse amene anagona nanu pa siwa m'malo mwanga. Mankhwala anu a magazi musadumphitse.

Kuyambira ndili ku sekondale, makalata anga onse ndinkawatseka ndi mawu akuti muwauze abambo. Dzanja linayamba kale kuwalemba. Koma ngati mupita kumanda ine ndisanafike, musawauze kanthu, Amayi. Za ku mgodi ndi za mapiri zomwe, ndidzawauza ndekha.

Ine mwana wanu,
Tithokoze