Chibangili cha Adalaivala

Chipinda 14
Lachisanu m'mawa

Wokondedwa mwana wanga Kondakitala,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wako. Uli bwanji kozizirako? Chifuwa chija chinathadi, kapena umangonditonthoza? Amuna ako ali bwanji? Nanga kamdzukulu kanga mano akutsogolo aja amera? Ife kuno tadzuka bwino, Mulungu akutisunga. Bambo ako masaya atuluka m'sabata imodzi yokha, ndipo ine siketi imene ndinabwera nayo yayamba kundikana.

Usadabwe kuti ndakulembera kalata chonsecho foni ndili nayo. M'chipinda muno anatiikira mapepala ndi cholembera, ndiye ndati zisapite pachabe. Chifukwa china ndikuuza kumunsiku. Yamba wakhala pansi, uwerenge mofatsa.

Choyamba, zikomo mwana wanga. Unati zaka makumi anayi m'banja si masewera, ndipo poti iwe sungabwere chaka chino, ife tipite pachilumba tikapume. Ndinakana kawiri, ukukumbuka. Lero ndikuti ndikanakana kachitatu ndikanakhala chitsiru chenicheni.

Titatsika ndege tinakwera boti. Ine ndinagwira chitsulo mpaka zala kuuma, koma bambo ako anali phee, kumangoyang'ana woyendetsa ngati akumuyesa mayeso. Titafika ku ofesi yolandirira alendo, mayi wina anatimanga aliyense chibangili chapulasitiki chobiriwira pamkono, cholembedwa nambala ya chipinda chathu. Anati tisachivule ngakhale posamba, chifukwa chakudya, zakumwa, matawulo, zonse unalipiriratu iwe, ife tizingoonetsa mkono basi.

Ine sindinakhulupirire. Tsiku loyamba ndinadya ngati ndili kwa apongozi, kachidutswa ka nsomba ndi timbatata tiwiri, maso ali kukhomo kudikira wobweretsa bilu. Sanabwere. Tsiku lachiwiri manyazi ndinawasiya m'chipinda.

Koma kuli chakudya, iwe! Matebulo kuyambira apa mpaka uko. Pali bambo wina wa chipewa chachitali choyera amene ntchito yake ndi kukazinga mazira basi, ndipo amachita kukufunsa kuti ukuwafuna otani. Ine zaka zonsezi ndimadziwa kuti dzira ndi dzira. Nkhanu zikuluzikulu zija ndinalawa, koma ntchito yoswa ndi yambiri kuposa nyama yake.

Chipinda chathu chayang'ana kunyanja. Bedi lake mutha kugonapo anthu asanu, mnzako umachita kumufunafuna. Okonza m'chipinda amapinda matawulo kukhala mbalame, ndipo bambo ako analetsa kuti mbalameyo tisaipasule, mpaka tinapukutira nsalu yanga. Madzi a m'nyanjamo ndi amchere, ofunda, ukaimamo umaona zala zako zakuphazi ndi tinsomba tamizeremizere tikukuzungulira.

Inde, amayi ako analowa m'madzi! Chovala chosambira chimene unatumiza chija ndinavala, koma pamwamba ndinamanga nsalu, usaseke. Kuno azimayi amsinkhu wanga akuyenda ndi tizingwe tokha, popanda wowacheukira.

Tsopano ndifike pa chimene ndatengera cholembera. Pafoni ndimatha kukunamiza, koma papepala dzanja likukana.

Bambo ako akuiwala. Sindikunena kuiwala makiyi kwa tonsefe ayi. Zinayamba chaka chatha. Munthu amene anayendetsa basi zaka makumi atatu, wodziwa msewu uliwonse ndi mabampu ake omwe, anasochera pochokera kometetsa, pamtunda woti iwe unkathamanga uli ndi zaka zisanu. Anawabweretsa ndi wosoka nsapato wa pakona uja. Kachiwiri anatuluka ine ndili kubafa, ndipo ndinakawapeza dzuwa litapendeka atakhala pa siteji, akuti akudikira shifiti yawo.

Kugolosale amatenga buledi n'kutuluka osalipira, ine pambuyo kumapepesa. Mwini golosale ndi munthu wabwino, koma anthu ayamba kunong'onezana tikalowa. Adokotala anawaona n'kutipatsa mapiritsi, koma anandiuza mosabisa kuti matendawa sabwerera m'mbuyo, mankhwala amangowachedwetsa.

Kuyambira pamenepo geti ndimakhoma, kiyi ndimavala m'khosi. Masana sindigona, kukwaya ndinasiya. Ndipo Lamlungu lililonse usanaimbe pavidiyo ndimayamba ndawaphunzitsa ndi chithunzi: uyu ndi mwana wanu, awa ndi amuna ake, aka ndi kamdzukulu. Akayamba kusokoneza ndimadula foni n'kukulembera kuti netiweki yavuta. Netiweki yathu ilibe mlandu, mwana wanga. Wodula ndine, mphunzitsi yemwe uja ndinkakugwaditsa pakona ukanama.

Ndinkati ndikuuzirenji? Iwe tsiku lonse umasambitsa ndi kudyetsa nkhalamba za eni ake kumeneko, umafika kunyumba msana ukuwawa, ndiye ndikusenzetsenso ya kwanu? Komanso ndisaname, ndinkachita manyazi. Sindinkafuna kuti bambo ako uziwaona ngati mmodzi wa odwala ako.

Ndiye pobwera kuno mtima unali m'mwamba. Masiku awiri oyamba sindinawasiye ngakhale pang'ono, kuchimbudzi komwe ndimaima pakhomo ngati mlonda.

Koma tamva zimene chibangili chinachita. Bambo ako anapita pamalo a ayisikilimu, analandira, n'kuchokapo osalipira monga mwa masiku onse. Ine ndinali nditanyamuka kale ndi kachikwama kanga kuti ndikapepese. Mayi woperekayo anangomwetulira n'kuwafunsa ngati akufuna wina. Ndinabwerera pampando wanga n'kuyamba kulira, anthu n'kumaganiza kuti mchenga wandilowa m'maso. Kwa nthawi yoyamba m'chaka chathunthu, bambo ako anali asanalakwire munthu.

Tsiku lachitatu titadya nkhomaliro ndinagona pakabedi ka pansi pa ambulera, ndimati ndingotseka maso pang'ono. Tulo tonse timene ndinkatibweza kunyumba tinandipeza pomwepo. Podzidzimuka, pambali panga panali chipewa cha bambo ako chokha. Mayo ine! Ndinathamangira kumadzi opanda nsapato, ndikukuwa, nsalu ikumasuka.

Anandigwira mkono ndi mayi wopereka matawulo, ntchembere yojintcha ya mawu aakulu. Anandifunsa ngati ndikufuna bambo aatali a shati yamaluwa aja. Anati ndikhazike mtima pansi, pachilumba pano munthu wa chibangili sasowa, wogwira ntchito aliyense akamuona akuzungulirazungulira amayang'ana nambala n'kumuperekeza. Kenako anandilozera kanjira ka pakati pa mitengo ya kokonati.

Kuno kuli tigalimoto ting'onoting'ono toyendera batire, topanda zitseko, tonyamula alendo ndi zikwama zawo kuchokera kudoko kupita kuzipinda. Ndinaona kamodzi kakubwera pang'onopang'ono. Woyendetsa anali bambo wina wa imvi, ndipo pambali pake panali Adalaivala eni ake, atakhala mowongoka, chigongono chili panja, akumulangiza mnzawoyo kakhotedwe ka pakona. Bambo ako atandiona anati mayi chokani pamsewu, galimoto ili pantchito.

Ndinafuna kuwakalipira, koma ndinangopatuka pamsewupo. Nkhope imene ndinaiona inali ya bambo ako akale aja, a yunifolomu yosita bwino, amene ankatiimbira hutala akamadutsa pakhomo.

Woyendetsayo anandiuza kuti anawapeza ataima padoko akufunsa za shifiti, ndiye anangowauza kuti kwerani bwana, shifiti yayamba. Kuyambira tsikulo amabwera kudzawatenga tikangomwa tiyi, n'kuwabweza nthawi ya nkhomaliro. Akuti akuluakulu a hotelo anavomera, bola asagwire chiwongolero. Bambo ako amabwera akudandaula kuti mnzawoyo ndi munthu wabwino koma mabuleki amaponda mochedwa. Chibangili chija amati ndi baji ya kampani, ndipo amachipukuta m'mawa uliwonse.

Ine ndiye ndapuma, mwana wanga. Ndagona masana anayi otsatizana. Ndawerenga buku mpaka tsamba lomaliza. Ndinalola mayi wina kundipaka mafuta kumsana n'kundikanda ngati ufa wa buledi, ndipo akuti ndinachita mkonono pomwepo. Dzulo kunali oimba pafupi ndi dziwe losambiramo, bambo ako n'kundikoka kuti tivine. Masiku a sabata amawasokoneza, koma kuvina sanaiwale, ndipo amene anaponda mnzake ndine.

Mayi wa matawulo uja tinazolowerana. Amayi ake nawonso anadwala matenda omwewa. Anandifunsa ngati ana akudziwa, ine n'kungoyang'ana kunyanja. Sanandinyengerere. Anati iye mchimwene wake anamubisira, ndipo pamene ankapita kwawo amayi ake anamulandira ngati mlendo, kumupatsa mpando n'kumufunsa kuti kwanu n'kuti. Anati iye anadzamukhululukira mchimwene wakeyo, koma panapita zaka. Mawu amenewo sanandichoke mumtima.

Ndiye mvetsera ichi. Pakagalimoto kaja pali mpando wa kumbuyo kwa dalaivala. Woyendetsa uja wandiuza kuti bambo ako salola mlendo kukhalapo. Amati mpandowo ndi wa Kondakitala, akubwera, wangochedwa kusukulu. Ukukumbuka Loweruka unkakwera nawo basi, atakupachika kachikwama ka matikiti m'khosi, iwe n'kumakuwa mayina a masiteji mpaka anthu kugwa ndi phwete? Zambiri zafufutika m'mutu mwawo, koma iweyo ulimo.

Lamlungu lapitali utatiimbira muja, titadula bambo ako anandifunsa kuti mayi waulemu uja ndi ndani. Nditawauza kuti ndi Kondakitala anaseka, anati ndisawanamize, Kondakitala ndi kamwana. Kenako ananena kuti koma mawuwo ndi ake.

Mawu ako akuwadziwabe. Sindikudziwa kuti mpaka liti, ndipo chimenechi ndiye chikundiopsa.

Chaka chilichonse umati ubwera ukadzaza masutikesi a mphatso za abale onse, poti munthu wochokera kunja safika chimanjamanja. Ndikukupempha, zisiye zimenezo. Abale akadandaula ndiwayankha ndine, pakamwa ndili napo. Pempha tchuthi ubwere chaka chino chisanathe, ngakhale masabata awiri okha. Udzakhale nawo pakhonde, udzawakuwire masiteji aja.

Udzandiphunzitsenso mmene mumawasamalira anthu otere kuntchito kwanu, chifukwa mutu umodzi susenza denga, ndipo langali layamba kundilemera. Ukafuna kundikalipira chifukwa chokubisira, udzandikalipire pamaso. Ndidzakhala pansi n'kumvetsera, sindidzayankha.

Usalire poganiza kuti tili pachisoni. Sabata yokoma chonchi sindinaione m'zaka zambiri, ndipo watipatsa ndiwe. Pano ndikulemba ndili pakhonde, kamphepo kakuomba, madzi a chinanazi ali pambali, ndipo kagalimoto kawo kadutsa kale kawiri ndi hutala.

Boti lathu linyamuka 2 koloko. Alendo akamachoka amawadula zibangili ndi sizasi. Ndapita kale ku ofesi kukapempha kuti cha bambo ako asadule, ndipo avomera, mpaka anandibwereka cholembera chosafufutika kuti ndilembepo nambala ya foni yanga. Tikafika kunyumba ndikauza zoona wosoka nsapato, mwini golosale, wometa ndi aneba onse, kuti nawonso akawaona akuzungulira azingoyang'ana pamkono. Kubisa ndatopa nako. Geti lija mwina ndizilitsekulako masana.

Changa akadula ndichiika mu envelopu muno. Ukachiona ukumbukire kuti kwanu nakonso sulipira kanthu pakhomo. Ungobwera mmene ulilimo, ndi kamdzukulu kanga ngati kungatheke.

Undiperekere moni kwa amuna ako, ndipo kalatayi awerenge nawo. Kamdzukulu kanga ukauze kuti ndakatolera tizigoba ta m'nyanja todzaza sokosi ya agogo ake aamuna. Moni apitenso kwa mnzako wa kuntchito uja amene anatithandiza za matikiti. Mulungu akusunge, akupatse mphamvu pantchito yako yolemetsayo, ndipo akutsegulire njira.

Ndilekeze pano, ndawaona akutsika. Akubwera akucheukira mpando wakumbuyo uja, ndipo funso limene andifunse ndikulidziwa kale. Lero ndiwayankha kuti Kondakitala ndamulembera, akubwera. Chonde mwana wanga, usandisandutse wabodza kachiwiri.

Ndine amayi ako okukonda,
Mkazi wa Adalaivala