CD ya Kwaya Yameza Mawu a Mayi Phiri

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Kitwe pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno ku Sinda tilipo, kungoti amayi mwendo uja ukuwavutabe.

Kompyuta munandisiyira ija yandichititsa manyazi. Nyimbo za kwaya yathu ndinazijambula zonse mondondozana, n'kuika chizindikiro poyambira nyimbo iliyonse, monga munandiphunzitsira. Koma m'nyimbo yoyamba munkamveka tambala, ndiye ndinatsegula pulogalamu ina ija yokonzera mawu n'kudula pamenepo. Nditabwerera ku pulogalamu yopangira CD, mawu onse anali atasendera kutsogolo, koma zizindikiro zinatsala pamalo akale. Kompyutayo osandichenjeza n'komwe!

Lamlungu titaweruka ku tchalitchi, aPhiri anapempha kuti tiwaikire nyimbo yachitatu, ija ankatsogolera malemu akazi awo. Nditaisankha, inayambira pakati, kwaya ikuyankha kale. Mawu a mayi Phiri anali atapita kumchira kwa nyimbo yachiwiri. Bambowo anandiyang'ana n'kunena motsitsa kuti, "Aphunzitsi, mkazi wanga ndiye ankayamba yekha. Mwamuika kuti?" 

Chonde ndiimbireni foni mundiuze mmene ndingachitire kuti zizindikiro ziziyendera limodzi ndi mawu ndikadula pena. Ndayesa kuzikoka chimodzichimodzi, koma ndikakonza ichi, china chikulowa m'nyimbo ya eni. Musachedwe, achimwene. Loweruka aPhiri akubwera kunyumba ndi ana awo kudzamvera mayi wawo akuimba.

Ambuye akusungeni nonse.

Ine mlongo wanu,
Tisauke