Chithunzi chopanda munthu

Amayi,

Kodi kumene muliko muli bwanji? Kuno ku Doha tilipo, ine ndi Ababa. Dzuwa layambanso, lija munkati limaphika munthu akuyenda. Makina oziziritsa m'chipinda akudonthanso, ndipo tatcherapo beseni lanu lobiriwira. Ababa aphunzira kuphika nyemba, kungoti mchere amathira ngati akwiyira wina. Kuhotela anawakweza, tsopano ndi amene amagawa mashifiti a madalaivala. Ine mayeso ndakhoza, kupatula masamu, monga mukudziwira. Anzanga sindinapezebe. Musadandaule. Pa buleki ndimakhala pa masitepe n'kumaona anthu, ndipo sinditopa nazo.

Kwathu ku Dedza akuti chimanga chinavutika ndi ng'amba, koma kachewere wachita bwino kudimba kwanu kuja. Tadala, mwana wa amayi aang'ono, wabereka mwana wamkazi ndipo amutcha dzina lanu. Ndamuona pa foni. Chipumi ndi chanu ndithu, sindikunama.

Koma chimene ndakulemberani ndi nkhani ya chiliza chanu. Amalume a Feston akuti mwambo udzachitika mu Ogasiti, sukulu ikatsekera, ndipo akufuna chithunzi chanu choti aike pa mwala ndi pa malaya amene mbumba idzavale. Tinafufuza m'nyumba monse. Amayi, apa munatisiyira ntchito. Mufoni mwanu, yomwe tsopano ndikugwiritsa ntchito ine, muli zithunzi zosawerengeka, koma inu mulibemo. Muli mitambo, milu ya mchenga, zitseko zakale zamatabwa, nkhunda pa waya, ine ndikudya, Ababa akusinza m'basi. Cha nkhope yanu ndi chimodzi chokha, cha pa pasipoti, chija anakuletsani kumwetulira. Mukachiona munkati, "Ameneyu si ine, ndi wakuba mbuzi amene wangogwidwa kumene."

Ndikati ndikujambuleni, munkatchinga nkhope ndi dzanja. "Yangayi ndimaiona tsiku lililonse pagalasi. Jambula icho, mawa sichidzakhalapo."

Ndiye amalume anaimba. Anati, "Iwe Limbani, si iwe katswiri wa mafoni? Dula mutu wa amayi ako pa pasipotipo, uuike pa thupi la mzimayi wotchena bwino. Kumbuyo kuoneke nyumba zagalasi zazitali zija. Anthu adziwe kuti mlongo wanga anali kunja, osati pa msika wa Linthipe."

Ndinati, "Amalume, Amayi sankazikonda nyumba zimenezo."

"Ndakufunsa zimene ankakonda?"

Ndinawayankha mwaulemu, monga munandiphunzitsira, koma ndinawayankha ndithu. Ndinati, "Pepani amalume, mutu wa Amayi ine sindidula."

Kenako anati ndiwapatse Ababa, ndipo ndinkangomva "inde alamu, ndamva alamu, ndimulankhula." Atamaliza anandiyang'ana motopa. "Mwanawe, ine ndine mkamwini. Kumanda a kwa amayi ako ndilibe mawu. Iwe ndiwe mbumba yawo, ndipo mwinimbumba wanena. Chita zimene akufuna, basi, khalasi." Koma ine sindinachite.

Mukukumbuka Lachisanu lija Ababa anabwereka galimoto n'kutitengera kuchipululu? Munavula nsapato n'kukwera mulu wa mchenga, chitenje chikuuluka, ndipo munakhala pamwambapo nthawi yaitali mukujambula. Ababa anafuula ali pansi, "Mukujambula chiyani kopanda munthuko? Bwerani mundijambule ine nditatsamira galimoto, kumudzi aone!" Inu munati, "Kwathu thambo limatsamira pa phiri. Kuno lilibe potsamira, lafika mpaka pansi. Galimoto anaionapo kale, ichi sanachione." Tsiku limenelo ndi lomwe munandigwiritsa foni koyamba, n'kundiuza kuti ndidikire kaye dzuwa lipendeke, chifukwa masana mchenga umabisa makwinya ake.

Ndimakumbukanso mmene munkadzera njira yozungulira pochokera kusukulu ya mkaka komwe munkagwira ntchito, kuti mudutse pa nyumba zakale za kuno ku Al Asmakh. Munkati nyumba yagalasi imakuonetsa nkhope yako yomwe, koma khoma lakale limakuonetsa zala za amene anamanga, ngati pakhonde pozira bwino. Munthu wonena zimenezi ndimuimike kutsogolo kwa galasi, atavala thupi la eni? Ayi, Amayi. Amalume andikalipire.

Ndinayambanso kuona zithunzi zanu, chimodzichimodzi, osathamanga. Zinanditengera masiku anayi. Ndipo ndinakupezani. Ndi khoma lachikasu la nyumba ina yakale, lili ndi zenera lamatabwa losemedwa, dzuwa litapendeka. M'munsi mwa khomalo muli chithunzithunzi chanu. Duku lija munkamanga mfundo yake chopendekera kumanzere. Zigongono zili m'mwamba, mwagwira foni ndi manja awiri. Chikwama chili paphewa. Munadzijambula osadziwa, kapena munkadziwa, inu nomwe mukudziwa. Ndinakumbuka zimene munandiuza nditayamba kusakaniza Chichewa ndi Chingerezi cha kusukulu, kuti ndisamati pikicha pamaso panu, chifukwa chithunzi ndi mwana wa mthunzi, ndipo amene anatcha mawuwo sanali opusa.

Ndinawatumizira amalume. Yankho silinachedwe. "Chithunzi chopanda munthu ichi. Ukufuna anthu aziti taika mzukwa pa manda? Ukapanda kutumiza chimene ndanena, ku chiliza usabwere."

Ndinalemba kuti, "Munthu alimo. Amene ankawadziwa awaona." Ndinatumiza.

Ndinafuna ndidziwe ngati ndikudzinamiza ndekha. Ababa ataweruka masana, ndinaika foni patebulo pafupi ndi mbale yawo, osanena kanthu. Anayang'ana n'kunena kuti, "Khoma." Anatenga supuni. Kenako anaibweza. Anakulitsa chithunzicho ndi zala ziwiri, ndipo anakhala choncho mpaka nyemba zinazizira. "Mfundo ya dukuyi," anatero, "ndinamuuza kangati kuti yapendekeka?" Anadzuka kuti akasambe kumaso, ndipo madzi anathira nthawi yaitali kuposa ya munthu wosamba kumaso. Atatuluka anangofunsa kuti, "Khoma limeneli lili pati?"

Tinapita Lachisanu. Tinapeza nyumbayo atayizinga ndi malata, sindikudziwa ngati akufuna kuikonza kapena kuigwetsa. Mlonda wake anali wa ku Chipata, ndipo atamva tikulankhula chathu anaseka. "Akwathu! Mufuna chani m'bwinja muno?" Ababa anati tikufuna kuona khoma. Anatiyang'ana ngati tazungulira mutu, koma anatsegula. "Yalla, fulumirani, abwana angandipeze."

Khoma lilipo, Amayi. Zenera anachotsa, patsala bowo. Ndinawauza Ababa kuti tidikire dzuwa lipendeke, ndipo kwa nthawi yoyamba sanandifulumizitse. Zithunzithunzi zathu zitakwera pakhomapo, iwo anasuntha okha, n'kusiya mpata pakati pa iwo ndi ine, wokwana munthu mmodzi wonyamula chikwama. Sindinawapemphe. Ndinajambula.

Musaganize kuti Ababa anaimbira amalume n'kuwatsutsa. Sanatero, ndipo sadzatero. Amalume anapeza mnyamata wina pa boma amene wawachitira zimene ankafuna, ndipo atumiza kale pa gulu la banja la pa foni. Mwavala diresi lofiira lomwe simunavalepo, muli ndi zikhadabo zazitali zopaka utoto, khosi ndi loyera kuposa nkhope, ndipo kumbuyo kuli nyumba zagalasi zomwe ndikukayika ngati ndi za kuno. Anthu akulemba kuti mwaoneka bwino. Avale malaya awowo. Ine sindivala.

Koma ku chiliza ndikubwera, andiitane kapena asandiitane. Amalume ndi mwinimbumba, sindikukana, ndipo ndikafika ndidzawagwadira popereka moni. Koma amene wagona pamenepo ndi mayi wanga. Dzulo Ababa ananditengera kokapulinta zithunzi, ndipo wa pamakinayo atafunsa kukula kwake, anayankha ndi iwo, kuti chachikulu. Iyenso anafunsa ngati sitinalakwitse, poti mulibe munthu. Ababa anati, "Pulintani."

Titafika kunyumba ndinawafunsa kuti tidzachinyamula bwanji kuti chisapindike. Anatsitsa sutikesi pamwamba pa kabati, n'kuchigoneka pakati pa malaya awo oyera a kuntchito. Anati, "Mkamwini alibe mawu, n'zoona. Koma sutikesi ndi yake."

Ndiye mudikire mu Ogasiti. Nyimbo zikadzatha, anthu akadzabalalika, ndidzachiimika kumutu kwanu, pafupi ndi mayi wa diresi lofiirayo, kuti wodutsa azisankha yekha amene akumudziwa. Ndikulonjeza kuti ndidzadikira dzuwa lipendeke.

Ndimakukondani, Amayi.

Ndine mwana wanu,
Limbani