Alendo Olemekezeka Makumi Atatu

Amayi, kodi kumeneko mukudzukako bwanji?

Kuno tilipo. Mlongo wanga Tisauke wabereka mwana wamkazi, tamutcha dzina lanu. Akalira ku Nabvutika, a ku Kapata amatseka mawindo. Nshawa za kumunda kwanu ku Kasenengwa zabereka bwino, kungoti makoswe akudya ngati analima nawo.

Koma ine mtima uli m'mwamba. Munandisiya ndikulondera pageti la yunivesite. Chaka chino anandikweza, ndili mu ofesi yoona za anthu amene anaphunzira pano kale. Inde, ine wa giledi seveni, tebulo langalanga! Anandisankha chifukwa Chipata yense ndimamudziwa, ndi agalu omwe.

Bwana wathu, Madamu Phiri, anakonza tsiku loti ophunzira akalewo abwere kudzatchetcha udzu ndi kupaka penti laibulale, mongodzipereka. Anawatumizira mauthenga pa foni, koma zii. Ndinawauza kuti, "Madamu, munthu wamkulu kuno saitanidwa pa foni. Umapita, n'kukhala pansi, n'kufunsa za ana. Ndipatseni njinga."

Ndinapalasa masiku asanu, matako anachita kufa. Koma tanenani, Amayi, ungakhale pa sofa ya ahedi opuma ntchito, tiyi ali m'manja, n'kuwauza kuti abwere ndi chikwakwa? Pakamwa panakana. Kwa aBanda, ahedi aja, ndinangoti, "Mukakhala mlendo wolemekezeka." Nkhope yawo inawala. Nditaona kuti zagwira, ndinanena zomwezo khomo lililonse.

Loweruka anabwera anthu makumi atatu, onse m'masuti ndi nsapato zonyezimira, aliyense sipichi ili m'thumba. Mipando inalipo inayi basi, ndowa za penti zili ndandanda. AmaiZulu, anesi aakulu, ndi aBanda anayamba kulimbirana mpando wapakati. Wina anandikoka shati: "Iwe Gelesomu, alendo olemekezeka tilipo angati pano?" Ndinalakalaka udzu uja undimeze, ndipo ukanatha, poti ndi wautali kuposa ine.

Munkanena inu kuti ndikaona mbuzi imodzi panjira, pofika kunyumba ndimakhala ndaona khola lonse. Ndinkaseka. Pano sindikuseka.

Chondipweteka n'chakuti chiyambire ofesi ija sanabwerepo anthu ochuluka chonchi, koma woyamika palibe. Madamu anangoti, "Bwerera khomo ndi khomo ukanene zoona. Loweruka likubwerali akapanda kukwana khumi ogwira ntchito, ukatenge yunifolomu yako ya pageti."

Ndiye ndakhala ndikuzungulira ndi manyazi anga pakaliyala. Ena akundibisalira, ana awo n'kumati adadi kulibe, chonsecho nsapato zili pakhomo. ABanda anandikalipira mpaka tiyi anazizira. Akuti, "Ukanangonena kuti ndi ntchito! Laibulale ija ndinapezeramo mkazi ine. Wandilembetsa mapeji asanu pachabe." Pomaliza avomera kubwera ndi chikwakwa, koma akuti awerenge kaye sipichi yawo yonse. Ndavomera. Enanso atamva akuti nawonso awerenga zawo. Udzuwo tikauyamba dzuwa litapendeka.

Lero ndi Lachinayi, ndipo ndapeza asanu ndi anayi. Watsala mmodzi, Amayi, mmodzi yekha! Tisauke akuti avale wigi anamizire kuti ndi loya, koma ndakana. Bodza landikwana. Mawa ndilawirira kwa amaiZulu, ndikagwada pakhonde mpaka atuluke.

Zikatheka, Lamulungu ndibwera kudzalambula pamanda panu, ndipo ndidzakuuzani nambala yeniyeni, osawonjezapo ngakhale mmodzi.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Gelesomu